Musadule Sipuling'i, Achimwene

Galimoto zomwe timaitanitsa ku Japan zimafika kuno zikuwala. Penti wopanda chipsera, mipando yoyera, injini yolira mwaulemu. Munthu ukaitsitsa kuchokera ku Dar es Salaam n'kudutsa nayo pa Songwe, umangoti Mulungu wandikomera mtima. Koma kunsi kwa galimotoyo kuli zinthu zinayi zomwe pa zithunzi za ogulitsa sizioneka, ndipo kawirikawiri zimakhala zitatopa kalekale. Ndikunena mashoki. Pa misewu yosalala ya kwawoko shoki yotha mphamvu imatha kubisala zaka ndi zaka mwini wake osadziwa. Kuno ayi. Mahampu a pa M1, maenje a nthawi ya dzinja ndi timisewu tafumbi ta m'malokeshoni zimaiulula msanga.

Galimoto yanga ndi Mazda Roadster, imene m'maiko ena amaitcha MX-5, ya m'badwo wachiwiri womwe unayamba kutuluka mu 1998. Ili ndi mipando iwiri yokha, denga la nsalu, ndipo kulemera kwake kumangopitirira pang'ono tani imodzi. Mazda inaonetsa yoyamba ya mtunduwu ku Chicago mu 1989, ndipo pofika 2016 fakitale ya ku Hiroshima inali itapanga zokwana 1 miliyoni. Anthu akaiona amafunsa za liwiro, ndiye ndimawauza zoona: injini yake ya 1.8 si yoopsa, Mark X imaisiya mosavuta pa msewu wowongoka. Kukoma kwa kagalimotoka kuli pokhota. Mukatsika nako msewu wokhotakhota uja wopita ku Golomoti, kapena mukakwera nako phiri la Zomba kulowera ku Ku Chawe, mpamene mumamva chimene opanga ake ankafuna. Mukangokhudza chiwongolero, mphuno yatembenuka kale, ndipo chilichonse chomwe matayala apondapo mukuchimva m'manja ndi m'chiuno. Zonsezi zimachokera m'miyendo yake. Miyendo ikafa, chifukwa chokhalira ndi galimoto yotere chathanso.

Tayala lililonse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, limagwiridwa ndi mikono iwiri yachitsulo, wapamwamba ndi wapansi, yopangidwa mwa chilembo cha A. Shoki imaima pa mkono wapansi, sipuling'i itaizungulira, ndipo mutu wake umamangidwa ku thupi la galimoto. N'zosiyana ndi kutsogolo kwa Vitz kapena Corolla, komwe shoki imagwiranso ntchito ya mkono wapamwamba n'kumatembenuka limodzi ndi tayala. Pa Roadster shoki siigwira ntchito ya mkono. Za mtundu wa RS, monga yangayi, zinkatuluka ndi mashoki achikasu a Bilstein, kampani ya ku Ennepetal ku Germany, ndipo zimenezi n'zomwe zinasintha dongosolo langa lonse.

Pali chinthu chimene ngakhale ena a pa galaja amachisokoneza. Chonyamula galimoto si shoki, ndi sipuling'i. Tayala likamenya hampu, sipuling'i imafinyika n'kusunga mphamvu ija, kenako imafuna kuibweza yonse, ndipo ikasiyidwa yokha imangonjanja mpaka itatopa. Ntchito ya shoki n'kuletsa kunjanjako. Amayi akamachokera ku mjigo ndi ndowa yodzaza pamutu amaponya masamba pamwamba pa madzi. Masambawo sanyamula kanthu, yonyamula ndi ndowa, koma ndi amene amachititsa kuti madzi asakhavuke mayi akamaponda. Shoki ndi masamba amenewo. M'kati mwake muli ndodo yokhala ndi pisitoni, pisitoniyo ili ndi timabowo totsekedwa ndi timbale tachitsulo topyapyala, ndipo ndodo ikamalowa kapena kutuluka oyilo amakakamizika kudutsa m'timabowomo. Kuvutika kwa oyilo podutsa n'kumene kumasandutsa kudumpha kwa sipuling'i kukhala kutentha. N'chifukwa chake shoki yamoyo imakhala yofunda mukaigwira mutayenda pa msewu wa mabampu.

Ikafa, vuto silithera pa kupweteka kwa msana. Tayala limayamba kudumpha, ndipo tayala lomwe lili m'malere silikhota, siligwira buleki. Pa yanga, kumbuyo kunkavina ndikatsika hampu. Pokhota pa phula wokumbikakumbika, kumbuyoko kunkasendera kunja pang'onopang'ono, kosati n'kuchititsa ngozi tsiku lomwelo, koma kokwanira kundichotsa mtima m'malo. Tayala la kumbuyo kumanzere linali litadyeka mwa zigawozigawo, moti ukalisisita ndi chikhatho unkamva zitunda ndi zigwa. Nditaunika ndi tochi kuseri kwake, shoki ija sinalinso yachikasu. Inali yakuda bii, oyilo atasakanikirana ndi fumbi n'kukhala phala louma.

Nditayamba kufunsafunsa, malangizo anabwera amitundu iwiri, onse ochokera kwa anthu ondifunira zabwino. Anyamata okonda magalimoto anati: "Akulu, popeza mukumasula kale, dulani koyilo imodzi igwade pansi. Galimoto yotereyi siyenera kutalika." Ena anandilozera kwa amisiri aja amaboola shoki, kuthiramo oyilo n'kuwotcherera, pa mtengo woti aliyense akhoza kukwanitsa. Onse awiri ndinawakana, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake bwinobwino, popeza malangizo omwewa akuperekedwa tsiku ndi tsiku kwa eni ake a Altezza, Impreza ndi Golf m'matauni mwathu.

Sipuling'i ndi waya wautali wopindidwa mozungulira, ndipo kufewa kwake kumachokera m'kutalika kwa wayayo. Mukadula, waya wafupika, sipuling'i yalimba, pomwe shoki inapangidwira kulimba kwakale kuja, ndiye singathenso kuilamulira. Kumapeto kwa sipuling'i amakuumba mwapadera kuti kukhale bwino pa mpando wake. Kodulako sikukhazikika, ndipo tayala likalendewera m'dzenje sipuling'i yofupika ikhoza kuchoka pamalo pake. Ena sadula, amangoitenthetsa ndi moto wa gasi mpaka ifooke. Amenewo ndiye apha chitsulo chenichenicho: moto umachotsa kukhwima komwe fakitale inaikamo, sipuling'i imapitiriza kutsika yokha mwezi ndi mwezi mpaka tsiku lina kuthyoka. Choopsa kwambiri pa Roadster n'chakuti mpata woti shoki iyendemo ndi wochepa kale, makamaka kumbuyo. Mukatsitsa galimoto mwadya mpata womwewo, ndipo imayamba kuyenda itakhalira labala wotsekera uja amati bump stop, woletsa shoki kufika pamapeto penipeni. Pamenepo sipuling'i mulibenso. Bampu iliyonse ikulowa m'thupi la galimoto mwachindunji, ndipo pakati pa kona tayala likhoza kutaya msewu mosachenjeza.

Ndikudziwa kuti galimoto yogwada imakongola, ndipo sindikunyoza mnyamata amene amaisirira. Koma zithunzi zomwe timaziona pa Instagram n'za galimoto zoyenda pa mabwalo a mpikisano monga Tsukuba ku Japan, pomwe phula ndi wosalala kuyambira poyambira mpaka pothera, ndipo eni ake anagula mashoki ndi masipuling'i opangidwira kutalika kumeneko. Kuno kagalimoto kanga, pa msinkhu wake wa ku fakitale, mahampu ena ndimawadutsa chopingasa kuti ekizosi isakhule. Pa misewu yathu galimoto yothamanga bwino ndi imene tayala lake lili ndi mpata wokwera ndi kutsika osasiya kuponda pansi.

Za oboola mashoki, ndimawalemekeza amisiri amenewa chifukwa magalimoto ambiri akuyenda ndi luso lawo pomwe ndalama ya zatsopano palibe. Koma tiyeni tione chomwe chimachitika. Oyilo anatuluka chifukwa silo, kalabala kotseka pakamwa pa shoki, inatha kapena ndodo inakandika. Kuthiramo wina sikutseka njira imeneyo, adzatulukira pomwepo. Oyilo amene amathiramo nthawi zambiri amakhala wolemera kuposa woyenera, ndiye ukaikankha ndi manja imalimba ndipo wogula amakondwa, koma pa msewu m'mawa imakhala gwa, ikatentha n'kuchita thovu, ndipo ya kumanja ndi ya kumanzere sizifanananso. Pa Bilstein nkhani yake ndi yoposa pamenepo. Shoki imeneyi ndi ya chubu chimodzi: mbali imodzi muli oyilo, mbali inayo muli gasi wa nayitulojeni, ndipo pakati pali pisitoni ina yoyandama yolekanitsa ziwirizi. Nzeruyi inachokera kwa katswiri wa ku France, Christian Bourcier de Carbon, ndipo Bilstein inayamba kupangira Mercedes-Benz mashoki otere mu 1957. Gasi amakhalapo kuti azifinya oyilo nthawi zonse asachite thovu, ndipo mphamvu yake imaposa ya mpweya wa m'tayala kakhumi kapena kupitirira. Kuiboola kapena kuiyandikiza moto ndi kuika maso ndi nkhope pachiswe. Ubwino wake ngwakuti shoki yotere, mosiyana ndi zamachubu awiri zomwe amazitsekeratu ku fakitale, akatswiri okhala ndi zipangizo amatha kuitsegula n'kuibwezera moyo. Zikanakhala zamachubu awiri zija, ndikanangozitaya n'kugula KYB kapena Gabriel zatsopano osataya nthawi.

Ntchitoyi ndinaigwirira kwa mdala wina amene wakhala akukonza magalimoto kuyambira ndisanabadwe, chifukwa bwalo lake ndi la simenti ndipo ali ndi masitandi enieni. Madzulo a tsiku loti mawa tiyamba, ndinapopera mafuta omasulira dzimbiri pa bawuti iliyonse yomwe tikaikhudze. Izi n'zofunika pa galimoto za ku Japan, popeza zina zimachokera kumadera a chipale komwe amathira mchere m'misewu, ndipo kunsi kwake dzimbiri limakhala litagwira kale. M'mawa tinamasula pang'ono manati a matayala galimoto ikadali pansi, n'kuikweza ndi jeke, n'kuikhazika pa masitandi. Mbali zonse ziwiri ziyenera kukwera pamodzi, apo ayi chitsulo cha sitabilaiza, cholumikiza mkono wa kumanja ndi wa kumanzere, chimapotoka n'kumakanikiza mkono womwe mukufuna kuutsitsa. Pa njerwa musakhazikepo galimoto ngakhale zitakhala zootcha bwino chotani. Njerwa siichenjeza, imangophwanyika. Matayala omwe tinachotsa tinawagoneka kunsi kwa galimoto kuti china chikalephera, igwere pamenepo.

Tinayambira kumbuyo. Mutu wa shoki umapezeka m'buti, mukachotsa kapeti ya m'mbali: manati awiri a sipanala ya 14, ndi ina yaikulupo pakati pawo. Kumanzere kumavuta chifukwa manatiwo amabisala kuseri kwa chitsulo chotchinga mapaipi othirira petulo, ndiye pamafunika kuchotsa chitsulocho ndi kulumikiza sipanala yaitali. Ndikulowetsa dzanja mmenemo mdala uja anandigwira paphewa.

"Nati ya pakatiyo musaikhudze, achimwene. Imeneyo ndi ya pa benchi."

"Ndamva, madala."

"Kumva kokha ayi. Ndi imeneyo yagwira sipuling'i yonse."

Pansi pali bawuti imodzi ya 17 yodutsa m'diso la shoki. Tinamasula kachitsulo kolumikiza sitabilaiza ku mkono, n'kuchotsa bawuti ya mkono wapamwamba kuti zonse zitsike momasuka, ndipo shoki ndi sipuling'i yake zinatuluka pamodzi. Kutsogolo kuli njira ziwiri: kulekanitsa bolojointi (mfundo yolumikiza mkono ku mbali ya tayala), kapena kusolola bawuti yaitali yomwe imagwira mkono wapamwamba ku felemu. Tinasankha yachiwiriyi chifukwa simenya kanthu ndi hamala ndipo sing'amba malabala a bolojointi. Ndisanaisolole ndinajambula ndi foni mmene mawashala akhalira, popeza kukumbukira kwa munthu wotopa sikudalirika. Mkono ukamasuka, habu yonse, pomwe pamamangidwa tayala, imagwera kunja, ndipo apa maso akhale pa paipi ya buleki ndi waya wa ABS, yoletsa matayala kukhwekhwereza poponda buleki, kuti zisakokeke. Tinaimangirira ndi waya. Mabawuti a m'kati mwa mkono wapansi, aja ali ndi mawashala okhala ndi timizere, sitinawakhudze n'komwe. Amenewo ndi oyendetsera alayimenti, kaimidwe ndi kalozedwe ka matayala. Shoki iliyonse ikatuluka ndinkailemba pomwepo: kutsogolo kumanja, kutsogolo kumanzere, motero. Masipuling'i a kutsogolo ndi olimba kuposa a kumbuyo, ndipo akasakanikirana pansi maso okha sakuthandizani kwenikweni.

Gawo loopsa pa ntchito yonseyi ndi lolekanitsa sipuling'i ndi shoki. Sipuling'i imakhala itapanidwa pakati pa mpando wapansi ndi mutu wa pamwamba, ndipo mphamvu yomwe yasunga ndi yokwanira kuthyola chibwano. Ndaonapo anthu akuimanga ndi mawaya, ena ndi linya, ena kuipondera pansi n'kumasula nati kuti ingodumpha. Chonde, abale anga, chopanira sipuling'i ndi chipangizo choti mukhoza kubwereka. Ndi mabawuti awiri aatali okhala ndi zikhadabo. Mumawakoleka moyang'anana, mbali iyi ndi mbali iyo, mazinga ake mutawapaka girizi, n'kumamanga mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko, ndi sipanala ya manja. Mukamanga mbali imodzi yokha sipuling'i imapinda msana ndipo chikhadabo chimatha kuterereka. Mdala uja anaigoneka shoki chopingasa pa benchi, mutu wake utaloza kukhoma kopanda munthu, ndipo anathamangitsa kamnyamata komwe kanabwera kudzaonerera. Anapitiriza kumanga mpaka sipuling'i inayamba kuzungulira ndi dzanja pa mpando wake. Pamenepo mpamene nati ya pakati ija inamasulidwa, nsonga ya ndodo itagwiridwa ndi kasipanala kakang'ono kuti isazungulire. Ndodo yonyezimirayo isagwiridwe ndi pulayazi. Kachipsera kamodzi pa ndodo kamadya silo yatsopano m'miyezi yochepa.

Zonse zochokera pa ndodo tinaziyala pa katoni motsatana mmene zinatulukira, ndipo sipuling'i tinaimasula nthawi yomweyo, osaisiya itapanidwa. Zomwe tinapeza zinali zomvetsa chisoni. Malabala otsekera aja anali atafumbutuka, ena atasanduka ufa wokhalira pansi pa chophimba. Zophimba fumbi zinali zong'ambika, kutanthauza kuti mchenga wa msewu wakhala ukufika pa ndodo ndi pa silo kwa nthawi yaitali. Kuyesa shoki ya gasi n'kosavuta: mumaiimika, kukankha ndodo mpaka pansi ndi thupi lanu lonse, n'kuisiya. Yamoyo imakana mofanana njira yonse ndipo ndodo imabwerera yokha mosadukiza. Ya kumbuyo kumanzere ija inalowa mosakana poyamba, kenako n'kulira thovu m'kati, ndipo sinabwerere. Gasi anali atalowa mu oyilo. Zinazo zinkabwerera, koma mwaulesi, ndipo mosiyana liwiro. Shoki sasintha imodzi, amasintha ziwiri za mzere umodzi, ndipo poona kuti zonse ndi za msinkhu umodzi ndinaganiza zotumiza zonse zinayi. Chomwe chinandilimbitsa mtima n'chakuti ndodo zonse zinali zowongoka, zopanda dzimbiri.

Zinapita ku Johannesburg ndi m'bale wina wochita maulendo a ku Joni, zitakulungidwa m'makatoni kuti ndodo zisakandike. Kumeneko akatswiri amatulutsa gasi mosamala, kutsegula pakamwa pa chubu, kutaya oyilo wakale, kusintha masilo ndi mphete ya pisitoni yoyandama, kuthira oyilo woyenera, kupopera nayitulojeni, kenako kuiyesa pa makina omwe amaikankha ndi kuikoka pa maliwiro osiyanasiyana. Amathanso kusintha timbale ta pa pisitoni kuti shoki ilimbe kapena ifewe. Ndinawapempha kuti asiye mmene Mazda ndi Bilstein anakonzera, chifukwa masipuling'i anga ndi omwewo a ku fakitale ndipo ziwirizi anazipangira limodzi.

Podikira, ndinatembenukira ku masipuling'i, ntchito yomwe ndinaikonda kuposa zonse. Anthu ambiri amangowapukuta ndi nsanza n'kubwezera, ena amawataya opanda chifukwa. Sipuling'i yabwino imatha kukhala moyo wonse wa galimoto, koma mdani wake ndi dzimbiri. Ikamafinyika, wayayo amapotoka, ndipo kupotokako kumalemera kwambiri pakhungu pa chitsulo, osati m'kati. Kadzenje ka dzimbiri pakhungupo ndi pomwe mng'alu umayambira, n'kumakula pa bampu iliyonse mpaka waya kuduka. N'chifukwa chake masipuling'i ambiri amathyokera pa koyilo ya pansi, pomwe matope ndi madzi zimakhazikika pa mpando ndipo timiyala timakwecha penti. Choncho penti wa pa sipuling'i si wokongoletsa. Ndi amene amaisunga.

Ndinayamba ndi kuwatsuka ndi palafini, kenako madzi a sopo. Asanapalidwe ndinajambula timadontho ta penti wamitundu tomwe fakitale imaika posonyeza mtundu wa sipuling'i, popeza tikafufutika palibenso chokuuzani. Kenako ndinaimika awiriawiri pa galasi lathyathyathya, a kutsogolo paokha, a kumbuyo paokha, n'kugoneka lula pamwamba. Ngati ina yafupika moonekera poyerekeza ndi inzake, yafooka, ndipo penti sangaidzutse. Anga anali ofanana. Ndinakwecha ndi bulashi ya waya koyilo ndi koyilo, kenako sandipepa wosalala, ndikuzungulira waya yense mpaka kuseri komwe dzanja limavutika kufika. Galayindala ndinaikana, chifukwa imadya chitsulo ndi kuchitenthetsa, ndipo mzere uliwonse womwe ingasiye ndi poyambira mng'alu. Pa koyilo ya pansi ya sipuling'i imodzi ya kumbuyo, penti anali atachoka kachigawo kotalika ngati chala, chitsulo chitafiira. Ndinapala pang'onopang'ono mtima uli m'mwamba, n'kupita nayo padzuwa, n'kuyendetsapo chikhadabo. Chikhadabo sichinakodwe paliponse. Dzimbiri linali la pamwamba chabe. Mdala uja anaitenga, anaikoleka pa waya n'kuigogoda ndi sipanala, ndipo inalira nthawi yaitali, mawu oyera. Anagwedeza mutu n'kundibwezera. Chikhadabo chikanakodwa m'kadzenje kozama, ndikanataya onse awiri a kumbuyo, popeza sipuling'i yothyoka pa liwiro imatha kubaya tayala.

Ndinapaka mankhwala opha dzimbiri pomwe panafiira, kenako pulaimala, kenako penti wakuda wopopera, mopyapyala kangapo m'malo mothira wambiri kamodzi. Penti wokhuthala amasweka sipuling'i ikayamba kugwira ntchito. Ndinawapachika m'chipinda chopanda fumbi mpaka ataumiratu, osati kuuma kwa pamwamba kokha.

Mashoki atabwerako, anabwera ndi pepala la makina oyesera, mizere ya kumanja ndi ya kumanzere itagonana. Ndisanamange ndinayang'anitsitsa chinthu chimodzi chimene ambiri sachidziwa. Pa Bilstein zimenezi mpando wapansi wa sipuling'i sanauwotcherere ku chubu. Umakhalira kamphete kachitsulo kolowa m'kangalande kozungulira chubucho. Kulemera konse kwa ngodya imeneyo ya galimoto kuli pa kamphete kameneko. Kangalandeko kayenera kukhala koyera, kamphete kalowe mokwanira kuzungulira konse, ndipo mpando uvale moyenera osati chadodolido. Za labala zonse ndinagula zatsopano: otsekera, zophimba fumbi, ndi malabala a pamutu. Pa galimoto iyi labala wotsekera si wongodikira tsiku la dzenje lalikulu ayi, amagwira nawo ntchito pokhota mwamphamvu, kulandira katundu pang'onopang'ono sipuling'i ikamafika kumapeto. Mtengo wa malabalawa ndi wochepa poyerekeza ndi thukuta lomasulanso zonse, ndiye kubwezera akale n'kudzinamiza.

Kumanga kumatsata njira yomwe munamasulira, koma pali tinthu tofunika maso. Nsonga ya sipuling'i ikhale pa kasitepe kake pa mpando. Mabawuti awiri a pamutu alunjike mogwirizana ndi diso la pansi musanamasule chopanira, apo ayi mudzalimbana nayo kunsi kwa galimoto. Bawuti ya pansi ndinaitsuka n'kupaka girizi wa kopa pathupi pake kuti wodzamasula m'tsogolo asadzavutike.

Tsopano chinthu chimene chimapha mabushi atsopano, malabala aja amadutsamo mabawuti a mikono, pa magalaja ambiri. Titabwezera zonse, ndinatenga sipanala kuti ndilimbitse bawuti ya pansi galimoto ikadali m'mwamba, mikono italendewera.

"Dikirani kaye, achimwene. Galimoto imayenda miyendo ili chonchi?"

Mabushi a m'mikono ndi a m'diso la shoki sazungulira pa bawuti. Labala wake ndi womatirira ku chitsulo, ndipo mkono ukamakwera ndi kutsika labalayo amangopotoka n'kubwerera. Mukalimbitsa mkono uli pansi penipeni, ndiye kuti galimoto ikatera pa matayala labala wapotoka kale, ndipo azikhala chipotokere usana ndi usiku, ngakhale galimoto itaima. Amang'ambika msanga, komanso galimoto imaima motalika kuposa msinkhu wake. Choncho mabawuti onse odutsa m'mabushi tinangowagwiritsa ndi manja, kenako tinaika jeke kunsi kwa mkono wapansi n'kukweza mpaka ngodya imeneyo itangoyamba kunyamuka pa sitandi. Apo mkono uli pomwe umakhala galimoto ikamayenda, ndipo mpamene tinalimbitsa, ndi sipanala yoyezera mphamvu, motsatira manambala a m'buku la Mazda. Manati aang'ono a pamutu safuna mphamvu zambiri, ndipo amene amamanga ndi paipi yowonjezera amadula mabawuti ake.

Ngakhale sitinakhudze mabawuti a alayimenti, ndinapita nayo pa makina. Pa Roadster alayimenti imasinthika pa matayala onse anayi, osati a kutsogolo okha, ndipo ndi bwino kupeza malo omwe wogwira makina akudziwa zimenezi ndipo ali ndi manambala a galimotoyi mu kompyuta yake. Ndinayamba ndayenda nayo pang'ono kuti masipuling'i akhazikike pa mipando yake, ndipo matayala awiri a kumbuyo ndinasintha, chifukwa tayala lodyeka mwa zigawo limapitiriza kulira ndi kunjenjemera ngakhale shoki ikhale yatsopano.

Kusintha kwake kunamveka pa hampu yoyamba. Galimoto inakwera, inatsika, n'kukhazikika nthawi yomweyo, popanda kuvina kuja. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti sinalimbe, inafewa. Mabampu ang'onoang'ono omwe kale ankagogoda m'mipando tsopano amathera kunsi. Pokwera phiri la Zomba, pa makona aja phula wake ndi wa zigamba, kumbuyo kumatsata mphuno mokhulupirika, ndipo ndikaponda buleki potsika mphuno siigwadanso mwadzidzidzi. Yaima pa msinkhu womwe inatulukira ku Hiroshima, ndipo pakati pa tayala ndi bodi pali mpata womwe anyamata aja amati ukuchititsa manyazi. Mmodzi wa iwo, mwini Altezza yodulidwa masipuling'i, ndinamupatsa kiyi kuti ayendetse pa msewu womwe amadutsa tsiku lililonse. Pobwera anandifunsa komwe angapeze masipuling'i a Altezza osadula.

Patapita masabata angapo ndinaikwezanso, kuyesa mabawuti onse ndi kuunika ngati pali chinyezi cha oyilo pa mashoki. Panali pouma. Mvula ikamatha ndimachotsa matayala n'kutsuka matope okhazikika pa mipando ya masipuling'i, chifukwa dzimbiri lija limayambira pamenepo. Pomwe mikono inali yomasuka tinaona kuti mabushi a mikono yapansi ya kumbuyo ayamba ming'alu, ndipo ndaitanitsa kale atsopano. Amenewo amafuna pulesi powatulutsa, ndiye mdala uja wati tidzayambe dzinja likadutsa.